Chiyankhulo chimodzi, koma aliyense akukana dziko la mnzake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Ntcheu amene akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Aldershot, ku England. Anapempha kuti ndisawatchule dzina, ndiye ndizingoti achemwali. Ndadulako malonje ndi nkhani za kumudzi, funso lawo ndi ili:

"Kuntchito kuli anzanga atatu amene amayankhulana chiyankhulo chawochawo. Ine ndinkangoti ndi Amwenye. Tsiku lina ndinafunsa mmodzi kuti, kodi kwanu ku India kumazizira chonchi? Nkhope inasintha pomwepo, n'kundiuza kuti iye si wa ku India, ndi wa ku Nepal. Ndinapepesa. Patapita masiku ndinafunsa mnzake za ku Nepal, nayenso n'kundikonza kuti kwawo ndi ku India, ku Darjeeling. Komatu awiriwa amacheza chiyankhulo chimodzi! Ndiye pali agogo ena amene timawasamalira, amuna awo anali msilikali, Chingerezi sachidziwa. Mutu ukawasokonekera usiku amayankhula zinthu zoti ngakhale anzangawo sazimva. Kodi chiyankhulo chimenechi n'chiyani? Ndi Chihindi chomwe chija cha m'mafilimu? Nanga ndingaphunzirepo mawu ati oti ndiziwayankhulira agogowa?"

Achemwali, mtima m'malo. Mwa anzanu awiriwo palibe anakunamizani, ndipo inunso simunapalamule mlandu woopsa. Kwathu tinazolowera kuti aliyense wa tsitsi losalala wochokera mbali imeneyo ndi Mmwenye basi, poti amene tinakula tikuwaona ndi a m'masitolo a ku Limbe ndi ku Area 2. Ine amene ndinatha miyezi ndikunyamula makatoni usiku m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Reading pamodzi ndi bambo wina wa kufupi ndi Pokhara, ndisanazindikire kuti Nepal ndi dziko palokha, loti atsamunda sanalilamulirepo, ndipo eni ake amanyadira zimenezo kwabasi. Zambiri zimene ndilembe panozi zinayambira pa nthawi yopuma ya 3 koloko m'bandakucha, tikumwa tiyi wa mkaka wothira shuga ngati wa pa maliro. Zina ndinachita kuwerenga pambuyo pake.

Chimene mukumvacho ndi Chinepali. Ndi Chihindi n'zapachibale, zinaphuka pa chitsa chimodzi, chiyankhulo chakale cha Sanskrit, ndipo zimalembedwa ndi zilembo zofanana zotchedwa Devanagari, zija zimaoneka ngati zovala zoyanika pa chingwe chifukwa cha mzere wodutsa pamwamba pa mawu. Madzi ndi pani konsekonse. Pofuna kunena dzina lake, wa Chihindi amati "mera naam ... hai", wa Chinepali amati "mero naam ... ho". Mukamva zimenezo mungalumbire kuti n'chimodzi. Koma Anepali awiri akayamba kucheza mothamanga, munthu wa ku Delhi amatsalira panjira. Kumvana kwake n'kwa mbali imodzi: Anepali ambiri amamva Chihindi poti anakulira mafilimu ndi nyimbo za ku Mumbai, enanso anagwirako ntchito ku India, pamene Amwenye ambiri Chinepali sachimva. Ndiye mukamupatsa Mnepali mawu amene munatola m'filimu, akumvani ndithu, koma ena zimawanyansa, monga mmene ife zimatinyansira mzungu akatilonjera kuti "jambo" poganiza kuti Africa yense ndi Mswahili.

Tsopano ku Nepal kwenikweniko. Dzikoli linapanikizika pakati pa India ndi China, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu opitirira pang'ono 29 miliyoni, oyankhula ziyankhulo 124. Amene anayamwira Chinepali ndi pafupifupi 45 pa 100 alionse, theka silikwana. Otsalawo amachiphunzira kusukulu, kumsika, pa wailesi. M'zigwa zotentha za kumwera, kumene amati Terai, anthu amayankhula Chimaithili, Chibhojpuri ndi Chitharu. Kumapiri kuli Atamang, Amagar, Agurung, Arai, Alimbu, Asherpa, ndipo ziyankhulo za amenewa sizili pachibale n'komwe ndi Chinepali. Abale ake ndi Chitibeti ndi Chibama. Kuti muone kutalikirana kwake: Chichewa ndi Chiyao n'zoyandikana kwambiri tikayerekeza ndi Chinepali ndi Chigurung. Mwina simungakhulupirire, koma Chinepali chili ndi ubale wakutali ndi Chingerezi, n'chifukwa chake naam uja akumveka ngati mmene azungu amanenera dzina, pamene ndi Chigurung, choyankhulidwa m'mudzi woyandikana, palibe ubale wa magazi.

Apa m'pamene pagona nkhani ya agogo anu. Asilikali a Gurkha, amene ndi Anepali olembedwa usilikali ndi Angerezi, ambiri ankatengedwa pakati pa Agurung, Amagar, Arai ndi Alimbu. Mwamuna ankakhwimitsa Chinepali ku usilikali chifukwa ndicho chinali chomvanirana mitundu yonseyo, koma mkazi wotsala kumudzi ankatha zaka akuyankhula cha makolo ake, Chinepali n'kumangochitola ku msika. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti matenda oiwala a ukalamba akamakula, munthu amayamba kutaya zimene anaphunzira atakula n'kutsala ndi zimene anayamwira. Ndiye zimene agogo amanena usikuzo, zoti anzanu sakuzimva, n'kutheka kuti si zobwebweta ayi, ndi chiyankhulo chenicheni. Tayang'anani dzina lawo lachiwiri pa fayilo. Kwa anthu amenewa dzinalo lili ngati chiwongo: likakhala Gurung, Pun, Rai kapena Limbu, likuuzani mtundu wawo. Kenako funsani ana awo kuti amayi awo ankayankhula chiyani ali mtsikana. Ku Aldershot simungasowe munthu wa mtundu umenewo.

Nanga zinatheka bwanji kuti chiyankhulo cha anthu osakwana theka chitenge dzina la dziko lonse? Kwawo kwenikweni kwa Chinepali ndi kumadzulo kwa dzikolo, kudera la mtsinje wa Karnali, kumene kunali ufumu wa anthu otchedwa Khas, likulu lake m'chigwa cha Sinja m'boma la Jumla. Zolembedwa pa miyala za m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 zilipobe kumeneko. Dzina lake loyamba linali Khas kura, kutanthauza mayankhulidwe a Akhas. Anthuwa atafalikira chakum'mawa motsata mapiri, ena anayamba kuchitchula Parbatiya, cha anthu a kumapiri. Kenako kunadzuka mfumu ya kaufumu kakang'ono ka Gorkha, Prithvi Narayan Shah, imene inagonjetsa maufumu oyandikana nawo mmodzimmodzi mpaka kulanda Kathmandu mu 1768. Chiyankhulo cha asilikali ake chinatchedwa Gorkhali, ndipo chinayenda ndi mfuti kufika kulikonse kumene ufumuwo unafika.

Nthawi imeneyo mawu akuti Nepal ankatanthauza chigwa cha Kathmandu chokha. Eni chigwacho, Anewar, anali ndi mizinda, akachisi ndi mabuku awo kalekale, ndipo chiyankhulo chawo ankachitchula Nepal Bhasa. Dzina lakuti Nepali linadzakhazikika pa Chigorkhali mochedwa: bungwe la boma losindikiza mabuku, limene linayamba mu 1913 ndi dzina la Gorkha, linasinthidwa kukhala la Nepali mu 1933. Zotsatira zake n'zoti mpaka lero kuli Nepali ndi Nepal Bhasa, maina ngati mapasa, koma ziyankhulo zosamvana ngakhale pang'ono. Mukadzakumana ndi Mnewar musadzasokoneze ziwirizi, ndi bala limene silinapole.

Mnzanga wa ku Reading uja akundifotokozera zimenezi ndinaseka, iye n'kudabwa kuti chosekesa n'chiyani. Ndinamuuza kuti akundiuza mbiri ya kwathu. Ifenso chinali Chinyanja mpaka 1968, pamene msonkhano wa chipani unagamula kuti chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Ku Nepal, Mfumu Mahendra inathetsa nyumba ya malamulo ndi zipani mu 1960 n'kuyambitsa ulamuliro wa Panchayat umene unakhala mpaka 1990, ndipo mfuwu wake unali wa chiyankhulo chimodzi, kavalidwe kamodzi, dziko limodzi. Sukulu zonse m'Chinepali. Nepal Bhasa inachotsedwa pa Radio Nepal mu 1965. Ngakhale zipani zitabwerera, pa 1 June 1999 khoti lalikulu linaletsa khonsolo ya mzinda wa Kathmandu kugwiritsa ntchito Nepal Bhasa m'maofesi ake, ndipo Anewar amakumbukirabe tsikulo ngati tsiku lakuda. Malamulo oyendetsera dziko a 2015 ananena kuti ziyankhulo zonse zoyamwira ndi za fuko, Chinepali n'kukhalabe cha ntchito za boma, koma zigawo zinapatsidwa mphamvu yowonjezerapo zina.

Ine pa nkhani ngati imeneyi sindithamangira kuweruza, poti ndine mmodzi mwa amene anapindula ndi chigamulo cha 1968 chija, ndikulemba pano m'chiyankhulo chimene chinakwezedwa. Popanda Chinepali, Mtharu wa m'chigwa ndi Msherpa wa m'munsi mwa Everest sakanamvana ngakhale mtengo wa mchere. Koma mnzanga uja, amene anali Mgurung, ankayankhula Chigurung ndi mayi ake, Chinepali ndi mkazi wake, Chingerezi ndi ana ake, ndipo anandiuza akuyang'ana pansi kuti adzukulu ndi agogo awo amangomwetulirana. Aliyense wa ife amene ali ndi agogo Achilomwe akudziwa mapeto a nkhani yotere.

Mwina mukudabwa kuti anthuwa anadzadza bwanji ku Aldershot. Ndi nkhani ya usilikali. Kampani ya Angerezi imene inkalamulira India inamenyana ndi ufumu wa Gorkha kuyambira 1814 mpaka 1816. Angerezi anapambana, pangano la Sugauli linadula zigawo zikuluzikulu za Nepal, koma anachita chidwi ndi kulimba mtima kwa adani awowo moti anayamba kuwalemba usilikali nkhondo isanathe n'komwe, mu 1815. Gurkha ndi Gorkha yemweyo m'kamwa mwa Mngerezi. India atalandira ufulu mu 1947, magulu a asilikaliwa anagawidwa, anayi kupita ku Britain, asanu ndi limodzi kutsala ku India. Kwa zaka zambiri likulu la a Britain linali ku Hong Kong, ndipo akapuma ntchito ankabwezedwa ku Nepal ndi penshoni yochepa poyerekeza ndi ya azungu amene ankamenya nawo nkhondo limodzi. Amene anapuma isanafike 1997 analoledwa kudzakhala ku Britain mu 2009, pambuyo pa kampeni imene inatsogozedwa ndi Joanna Lumley, mayi wa zisudzo amene bambo ake anali mkulu wa asilikali a Gurkha. Ambiri anabwera atakalamba kale, ndi akazi awo, n'kusankha Aldershot poti ndi tauni ya asilikali imene ankaidziwa. Lero m'dera la Rushmoor, lomwe ndi Aldershot ndi Farnborough, pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse ndi Mnepali. Ndikukhulupirira agogo anu anabwera pa ulendo umenewo.

Ndipotu si alendo kwenikweni kwa ife. Azigogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'nkhalango zomwezo zimene munali Agurkha, mbali imodzi. Chaposachedwapa, mu 2019, asilikali a Royal Gurkha Rifles anali ku Liwonde kuthandizana ndi alonda a nkhalango polimbana ndi opha nyama mozembera. Chinepali chinamvekapo m'mbali mwa Shire.

Tibwere kwa mnzanu wa ku Darjeeling, chifukwa iyeyu ndiye munamuponda pa chilonda osadziwa. Darjeeling ili m'chigawo cha West Bengal ku India. Angerezi anaitenga kwa mfumu ya Sikkim mu 1835, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1850 anadzala tiyi m'mapiri onsewo. Manja othyola tiyiyo anachokera kum'mawa kwa Nepal: Arai, Alimbu, Atamang, Amagar ndi ena, aliyense ndi chiyankhulo chake. M'makomboni a esiteti anafunika chomvanirana, ndipo chinali Chinepali. Patapita mibadwo iwiri itatu chinasanduka choyamwira cha onse. Amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje aona okha kufanana kwake ndi zimene zinachitikira Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira m'minda ya tiyi. Choseketsa n'choti ku Darjeeling, kunja kwa Nepal, ndiko Chinepali chinameza ziyankhulo zinazo msanga kuposa ku Nepal kwenikweniko, ndipo kunakhala chimake cha alembi. Bungwe lawo la zolembalemba, Nepali Sahitya Sammelan, linayamba mu 1924. Parijat, mmodzi mwa amayi olemba otchuka kwambiri m'Chinepali, anabadwira ku Darjeeling.

Ndiye tangoganizani munthu woti agogo a agogo ake anabadwira pa esiteti ku India, msonkho amakhoma ku India, mwina mchimwene wake ndi msilikali wa India, koma akafika ku Delhi kapena ku Kolkata amafunsidwa kuti, kwanu ku Nepal mubwerera liti? Pangano la 1950 linatsegula malire pakati pa maiko awiriwa, anthu amawoloka popanda viza, zimene zimachititsa kuti mbadwa ndi mlendo azioneka chimodzimodzi m'maso mwa ena. Ku Meghalaya anthu oyankhula Chinepali anathamangitsidwapo m'zaka za m'ma 1980. N'chifukwa chake ambiri a ku India amakonda kudzitchula Agorkha, ndipo anamenyera nkhondo zaka zambiri kuti chiyankhulo chawo chilembedwe m'malamulo a dziko. West Bengal inachivomereza m'madera a kumapiri mu 1961, koma boma lalikulu linachilowetsa pa mndandanda wa ziyankhulo za India pa 20 August 1992, tsiku limene amalikondwerera chaka ndi chaka. Kalembera wa India wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 2.9 miliyoni ochiyankhula. Ku Sikkim, kumene kunali ufumu paokha mpaka 1975, ndicho chiyankhulo cha mumsewu ndi mumsika. Nkhani yofuna chigawo chawochawo cha Gorkhaland inaphetsa anthu oposa 1,000 pakati pa 1986 ndi 1988, ndipo mu 2017 Darjeeling inatsekedwa masiku oposa 100 mkangano utabuka pa zoti Chibengali chiziphunzitsidwa mokakamiza m'sukulu. Munthu wochokera m'mbiri yotereyi mukamuuza kuti ndi wa ku Nepal, akumva mawu omwe aja amamuuza anzake a dziko limodzi. Wa ku Chipata amayankhula ngati ife, koma tamuuzeni kuti ndi Mmalawi muone.

Pali gulu lachitatu limene inu mwina simukumana nalo, koma abale athu a ku America amakumana nalo tsiku ndi tsiku. Kumwera kwa Bhutan, kadziko ka m'mapiri chakum'mawa kwa Nepal, kunkakhala anthu oyankhula Chinepali otchedwa Lhotshampa, amene makolo awo anakhazikika kumeneko kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Boma la Bhutan linakhwimitsa lamulo la unzika mu 1985, linachita kalembera mu 1988 amene anagamula ambiri kuti ndi obwera, ndipo mu 1989 linachotsa Chinepali m'sukulu n'kulamula kuti onse azivala zovala za anthu a kumpoto. M'zaka za m'ma 1990 anthu pafupifupi 100,000 anapezeka ali m'misasa ya othawa kwawo ku Jhapa ndi Morang, kum'mawa kwa Nepal. Bhutan inawakana, Nepal sinawapatse unzika. Anakhala m'nyumba za nsungwi zaka pafupifupi 20, mpaka maiko ena anayamba kuwatenga kuchokera mu 2007, ochuluka kupita ku United States. Lero Chinepali chimamveka m'misewu ya Columbus ndi Akron ku Ohio, ndi Harrisburg ku Pennsylvania. Amenewa mukawafunsa kwawo, yankho limatalika.

Kwina konseko ndi nkhani ya utchona, yomwe ife sitifunika kuuzidwa. Qatar, Dubai, Saudi Arabia, Malaysia, South Korea, Japan, Australia: kulikonse kumene kuli zomangamanga, ulonda, khitchini ya hotela kapena koleji yolandira alendo, mupezako Mnepali. Ndalama zimene amatumiza kwawo zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha dziko lonse. Si za lero. Ndakatulo imene Anepali ambiri anaiphunzira kusukulu, Muna Madan ya Laxmi Prasad Devkota, ya mu 1936, ikukamba za mwamuna amene anasiya mkazi ndi mayi ake okalamba kupita ku Lhasa kukasaka ndalama, n'kubwerako mochedwa. Mnzanga uja ankaloweza mizere yake tikukankha matrole.

Tsopano mawu oti muyambirepo. Inu muli ndi mwayi umene azungu a kuntchito kwanu alibe, ndipo ndi wa mitundu iwiri.

Woyamba ndi wa m'kamwa. Ife timasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, ndipo Chinepali chimachita chimodzimodzi: tal ndi nyanja, thal ndi mbale. Mzungu amatha chaka osamva kusiyana kwake, inu mumva tsiku lomwelo. Pajatu khola kwa iwo ndi mtsinje, ndiye musadabwe agogo akamatchula khola, sakufunsa za mbuzi. Chimene chingakuvuteni ndi bh, dh ndi gh, zimene zimatuluka ndi mpweya wolemera kuchokera pakhosi. Ndipo mukaona chh, monga m'mawu akuti chha, mutchule chapakati pa tsa ndi tcha wathu.

Wachiwiri ndi wa ulemu. Chingerezi chili ndi mawu amodzi a iwe ndi inu, koma Chinepali chili ndi masitepe. Ta ndi iwe wa kwa mwana wamng'ono, mnzako wa ponda apa nane ndipondepo, kapena munthu amene ukufuna kumunyoza. Timi ndi iwe wofatsa, wa mnzako kapena mng'ono wako. Tapai ndi inu. Hajur ndi inu wogwada, ndipo ndi mawu omwewo amene munthu amayankhira akaitanidwa, ngati wawa wathu, kapena akafuna kuti mubwereze zimene mwanena. Mneni nayenso amasintha. Kumapeto kwa mawu kukakhala nus, ndiye ni wathu wa khalani ndi idyani: basnus ndi khalani pansi, khanus ndi idyani, uthnus ndi dzukani, sutnus ndi gonani, aunus ndi bwerani. Kwa agogo musachoke pa nus ameneyu.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinagwa nazo. Mnzanga uja anandiitana kwawo pa Dashain, chikondwerero chawo chachikulu cha mu September kapena October, pamene akuluakulu amamata ana awo pachipumi mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi utoto wofiira powadalitsa. Ndinali nditamumva akuuza kamwana kake kuti "kha, kha" pokadyetsa, ndiye ine n'kusunga mumtima kuti ndapeza mawu. Mbale ya nyama ya mbuzi itafika, ndinaikankhira kwa bambo ake a mnzangayo, mkulu wa zaka za m'ma 80 amene anali ndi mamendulo pa khoma, n'kunena mokweza ndi nkhope yowala kuti, "Kha!" M'nyumba munangoti zii. Ndinali nditauza mkulu wa mudzi kuti "idya iwe". Amene anandipulumutsa ndi mkuluyo, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo usiku wonse ankati akandiona n'kuloza mbale yanga, "Kha!"

Maina sakonda kuitanirana, amaitanirana ubale ngati kwathu. Wamkulu kwa inu ndi dai akakhala mwamuna, didi akakhala mkazi. Wamng'ono ndi bhai kapena bahini. Anzanu akuntchitowo tayesani kuwaitana didi kapena bahini muone mmene nkhope zimasukire. Agogowo muziwati ama, kutanthauza amayi. Moni ndi namaste, manja ophatikiza pachifuwa. "Sanchai hunuhunchha?" ndiye muli bwanji waulemu, koma moni weniweni wa tsiku ndi tsiku ndi "Khana khanu bhayo?", mwadya? Zikomo ndi dhanyabad, koma iwo samumwaza paliponse ngati mmene ife timamwazira zikomo wathu, ndiye agogo akalandira kapu osanena kanthu musawayese amwano.

A ntchito yanu ndi awa. "Kaha dukhyo?" ndi pakupweteka pati. "Bhok lagyo?" ndi muli ndi njala, "Jado lagyo?" ndi mukumva kuzizira. Madzi ndi mankhwala iwo amachita kudya, ndiye imwani madzi ndi "pani khanus", imwani mankhwala ndi "aushadhi khanus". Bistarai ndi pang'onopang'ono, mawu abwino powadzutsa pa bedi. Akati pugyo ndiye kuti zakwana, akati pardaina sakufuna, akati hunchha avomera. A usiku uja mutu wawasokonekera ndi awiri: "Nadaraunus", musaope, ndi "Ma yahi chhu", ndili pompano. Kuwalembera pa pepala m'zilembo zawo mwina sikungathandize, amayi ambiri a msinkhu umenewo ochokera kumidzi sanapiteko kusukulu.

Zinthu ziwiri zimene zingakupusitseni. Agogo akakuuzani kuti anabadwa mu 2001, musathamangire kulemba mu lipoti kuti asokonezeka. Nepal ili ndi kalendala yake, Bikram Sambat, imene ili patsogolo ndi zaka 56 kapena 57, chaka chake chimayamba pakati pa April. 2001 wawo ndi 1944 kapena kumayambiriro kwa 1945 wathu. China ndi mawu akuti jutho: chakudya kapena chiwiya chimene chakhudza pakamwa pa munthu wina n'chodetsedwa. Mukalawa phala ndi supuni kuti muone ngati lazizira, kenako n'kuwapatsa ndi supuni yomweyo, akana, ndipo inu muziti alibe chilakolako cha chakudya. Powapatsa chinthu, dzanja lamanja kapena onse awiri, monga anatiphunzitsira amayi.

Pa za chakudya pomwepa, bhat ndi mpunga wophika, ndipo kwa iwo ndi chimene nsima ili kwa ife: amene wadya buledi ndi mbatata sanadye. Koma anthu a kumapiri, kumene mpunga unali wa pa chikondwerero, anakulira dhindo, ufa wa mawere kapena wa chimanga wovundulidwa m'madzi owira mpaka kulimba, wodyera ndi manja, ndiwo zake gundruk, masamba owawasa oyanika pa dzuwa amene mukawaona mungati mfutso. Tsiku lina ndinaphika nsima ndi nkhuku n'kutengera banja la mnzanga uja. Mayi ake, amene tinali tisanayankhulanepo mawu opitirira namaste, anavundukula mbale, n'kuidina ndi chala, n'kuyang'ana mwana wawo: "Dhindo!" Anatema mbamu bwinobwino osaphunzitsidwa, n'kunena kuti "mitho chha", n'zokoma. Kenako anawonjezera zina m'Chigurung zimene mwana wawo anazengereza kumasulira. Nditamukakamiza anati akuti ufa wanga ndi woyeretsetsa, ulibe fungo la chimanga, ulendo wina ndidzabweretse wa mgaiwa. Ngati a kukhitchini kwanu ndi anamwino angalole, achemwali, yesani mgaiwa.